Mpheta ndi mbewa pa sikelo imodzi: momwe kabuku kanga kakuyendera

Tsiku loyamba

Lero ndayamba ntchito imene ndakhala ndikuizengereza kwa miyezi: kulemba kabuku ka ana a sukulu koyerekeza zolengedwa ziwiri zing'onozing'ono zimene zimakhala pakhomo pa munthu osaitanidwa, mpheta ndi mbewa ya m'nyumba. Mpheta yake ndi ija yaimuna imakhala yotuwa pamutu, yakuda pakhosi ngati yamera ndevu, dzina lake la sayansi Passer domesticus. Mbewa yake si ya kutchire ayi, ndi kaja kotuwa kamene ambiri amangoti kakhoswe, Mus musculus. Zonse ziwiri anazilemba m'kaundula wa zamoyo ndi Carl Linnaeus, chaka chimodzimodzi, 1758.

Ndazisankha chifukwa pa sikelo zimayandikana. Mbewa yokhwima imalemera magalamu pakati pa 12 ndi 30, mpheta pakati pa 24 ndi 40. Zonse zimadya njere, zonse zimamanga chisa m'mipata ya nyumba, ndipo ana ake amabadwa osaona, thupi lili lambulanda. Koma makolo ake anasiyana njira zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Ndikufuna mwana wowerenga aone mmene vuto limodzi, lokhala wamng'ono koma wa magazi ofunda, linapezera mayankho awiri.

Ndakhoma thabwa panja pa zenera n'kuwazapo njere zosasenda. Ndakonzanso bokosi lagalasi, sikelo yaing'ono ndi msampha wogwira mbewa yamoyo. Pa tsamba loyamba ndalemba kuti ziwirizi ndi moto wa mapesi: mtima wothamanga, thupi lotentha, moyo waufupi, ndipo chimene chimatentha kwambiri ndicho chimayamba kuzima.

Tsiku la 4

Mpheta zazolowera thabwa. Imayamba kutera imodzi, n'kumalira osadya kwenikweni mpaka zinzake zitafika, kenaka zonse n'kugwera pa njere. Siziyenda ngati nkhuku, zimadumpha miyendo yonse iwiri pamodzi.

M'mawa uno ndinakhala chete kuseri kwa katani, nkhope pafupi ndi galasi, kuyang'ana yaikazi imodzi ikudya. Imatola njere ndi nsonga ya mlomo, n'kuikankhira cham'mbali ndi lilime. Mlomo wapansi umasuntha pang'ono, khoko n'kung'ambika, n'kugwa pathabwa, njere n'kumeza yosatafuna. Ikangomeza imadzutsa mutu, kuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi, n'kutolanso ina. Kutafuna kwake kumachitikira m'kati. Njere zimayamba zasungidwa m'chithokomiro, kenaka n'kupita m'nthutumba, momwe timiyala timene inameza timapera ngati mphero. Nzeru yake ndi yakuti mbalame isakhalitse pansi pomwe pali mphaka: kudzaza msanga, kukagaya ili pa nthambi. Komanso mutu wopanda mano ndi nsagwada zolemera umapepuka pouluka.

Zitachoka, pathabwa panatsala makoko okhaokha, opepuka, mphepo n'kuwauluza.

Tsiku la 6

Msampha wagwira. Ndi yaimuna, pa sikelo magalamu 18. Ndinavala magolovesi, chifukwa mkodzo ndi ndowe za mbewa zimatha kupatsa munthu matenda, ndipo mfundo imeneyi ndiilemba m'zilembo zazikulu m'kabuku, ana asamaigwire ndi manja.

Masana onse inangodzipinda m'timapepala. Usiku ndinakulunga tochi ndi pepala lofiira, poti maso a mbewa saona bwino kuwala kofiira. M'diso mwake muli mitundu iwiri yokha ya timaselo toona mitundu ya zinthu, ife tili ndi itatu, mpheta inayi. Inatuluka ikutsata m'mbali mwa galasi, ndevu zikugwedezeka uku ndi uku mofulumira, ngati munthu wopapasa khoma mumdima. Itapeza njere inakhala tsonga, n'kuigwira ndi timanja tiwiri, n'kumaitembenuza ikuiluma. Sinaimalize. Inaitaya theka, n'kupita pa ina, n'kuilumanso pang'ono. Apa ndipo ndinamvetsa chifukwa chake mbewa imawononga zambiri kuposa zimene imadya, chikhalirecho pa tsiku imadya magalamu atatu okha kapena kuposera pang'ono.

Mano ili nawo 16, anayi akutsogolo ndi 12 otafunira. Akutsogolowo sasiya kukula moyo wake wonse. Mbali yakunja ndi yolimba, yachikasu, yam'kati ndi yofewerapo, choncho ikamakukuta kum'kati kumatha msanga, dzino n'kumakhala lakuthwa ngati tchizulo. Chida chodzinola chokha.

Ndaika mbale ziwiri patebulo kuti ndizijambule: ina ya makoko a mpheta, ina ya zibenthu za mbewa. Mwana akaona chithunzi chimenechi adzatha kudziwa yekha amene wadya m'thumba la mbewu.

Tsiku la 9

Mbewa inatuluka usiku wa dzana. Pakona pa chivindikiro panali kampata kamene ndinkati sikangalowe ndi chala chomwe, koma mbewa imadutsa pampata wa mamilimita 6 kapena 7, pongokwana pensulo. Mutu ukalowa, thupi lonse limatsata. Ndaipezanso mumsampha kuseri kwa kabati, ndipo chivindikiro ndachimata ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono.

Potsuka bokosi ndaona kusiyana kwina. Mbewa imakodza timadontho paliponse pomwe yadutsa, ndipo fungo lija ndi kalata kwa zinzake: ndine wamwamuna, kuno n'kwanga. Mpheta ilibe chikhodzodzo. Choyera chija chimene timaona pa chitosi ndiwo mkodzo wake, wouma ngati phala, wosataya madzi ambiri ndiponso wosalemetsa thupi pouluka.

Mwana wa mlongo wanga anabwera madzulo, n'kukhala nthawi yaitali mphuno itagunda galasi.

"Amalume, kodi kameneka kakakula kadzakhala khoswe?"

"Ayi mwanawe, kakula kale kameneka. Ndi mtundu wake."

"Nanga kadzakhala zaka zingati?"

"Kakasamalidwa bwino, ziwiri kapena zitatu."

"Nanga mpheta zija?"

Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti ndimuyankha bwino akabweranso.

Tsiku la 12

Funso la mwana uja lagwetsa tsamba langa loyamba, ndipo ndakondwa kuti lagwa kabuku kasanasindikizidwe.

Ndiyambe ndi moto. Thupi la mbewa limatentha madigiri pafupifupi 37, ngati lathu. La mpheta limafika 41 kapena 42, kutentha kumene kwa munthu kungakhale kothamangira nako kuchipatala. Shuga wa m'magazi a mbalame amawirikiza kawiri, mwina kuposa apo, poyerekeza ndi wa nyama yoyamwitsa yolingana nayo msinkhu. Munthu atakhala ndi shuga wotero kwa zaka, maso, impso ndi mitsempha zikhoza kuwonongeka. Mtima wa mbewa umagunda ka 500 mpaka 700 pa mphindi, wa mpheta nawo umagunda mazanamazana, ndipo mtima wa mbalame ndi waukulupo ukauyerekeza ndi thupi lake. Mapapo ake ndiye ndi nkhani ina. Athu ndi a mbewa ali ngati thumba, mpweya umalowa n'kubwerera njira yomweyo, wina wakale n'kutsalira m'kati. A mbalame safufuma. Timatumba ta mpweya tili kutsogolo ndi kumbuyo kwa thupi ndi timene timapopa ngati mvukuto, ndipo mpweya umadutsa m'mapapo kulowera mbali imodzi yokha, pokoka ndi potulutsa pomwe. Mvukuto umenewu ndi umene umakoleza moto wofunika pouluka.

Mwa malamulo a tsamba langa loyamba, mpheta ikadayenera kufa mbewa isanafe. Koma zolembedwa zikunena zina. Mbewa ya m'nyumba ikakhala payokha kawirikawiri sikwanitsa chaka. Yosungidwa bwino, yopanda mphaka kapena njala, imafika zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pofika pamenepo imakhala nkhalamba yeniyeni: ubweya wayoyoka, msana wapindika, zambiri zili ndi zotupa za khansa. Kudutsa zaka zinayi n'kwa apo ndi apo. Mpheta ina imene akatswiri anaiveka kamphete kachizindikiro kumwendo ku Denmark inapezeka itafa patapita zaka 19 ndi miyezi 9. Ina yosungidwa inafika zaka 23. Kanthu kokwana m'dzanja, kotentha kuposa mbewa, kukhala ndi moyo kuwirikiza kasanu.

Ndiyenera kusamala polemba izi kuti mwana asaganize kuti mpheta iliyonse imafika zaka 20. Zambiri zimafa chaka choyamba, ndipo mwa zokhwima pafupifupi theka ndi zimene zimaona chaka chotsatira. Kusiyana kwagona pa chimene chimazipha. Mpheta imafa ndi mphaka, kabawi, kuzizira kapena matenda thupi likadali lamphamvu. Mbewa ngakhale uitchinjirize ku zonsezi, thupi lake limatha lokha.

Nkhani ina yabwino: pampata wa pansi pa denga pali chisa, ndipo lero ndamva timawu ta anapiye koyamba. Ndaona ndi kagalasi komangirira kundodo kuti aswa anayi.

Tsiku la 16

Masiku anayi awa ndakhala pa funso limodzi: n'chifukwa chiyani thupi la mbewa silidzisamalira kuti likhalitse?

Yankho limene landikhutiritsa ndi la katswiri wa zamoyo Peter Medawar mu 1952, limene katswiri wina, George Williams, analikulitsa mu 1957. Ndiyesa kulinena mmene ndidzalilembere ana. Taganizani mbewa 100 zobadwa lero. Kadzidzi, njoka, mphaka, msampha ndi njala zizitola imodziimodzi, moti podzatha chaka zotsala n'zowerengeka. Tsono ngati m'magazi a mtundu umenewu muli chofooka chimene chimaonekera pa zaka zitatu, ndani adzachimve kuwawa? Palibe, poti palibe amene amafikako. Chofookacho chimangopatsiridwa kwa ana mibadwomibadwo, osachotsedwa. Ndipo mbewa imene ingawononge mphamvu zake pokonza thupi kuti lidzafike zaka khumi idzasiya ana ochepa kuposa inzake imene yathira zonse pa kubereka msanga. Kadzidzi safunsa kuti thupi lako ndi lolimba bwanji.

Mpheta ili ndi mapiko. Mphaka akadumpha, iyo ili kale padenga. Poti mwayi wofika chaka chachitatu ndi chachinayi ulipo ndithu, thupi lolimba limabweza phindu, chifukwa chaka chilichonse chowonjezera ndi mazira ena. Motero m'mibadwo yambirimbiri mbalame zinapeza njira zotetezera maselo ake ku moto wake womwe.

Chimene chandipangitsa kukhulupirira mfundoyi ndi mileme. Mleme si mbalame, umayamwitsa ngati mbewa, uli ndi ubweya ndi mano ngati mbewa, koma umauluka. Mleme wina wa mtundu wa Myotis brandtii ku Siberia, wosakwana ndi magalamu 10 omwe, unagwidwanso patapita zaka 41 chiuvekereni kamphete. Ndiye nkhani si nthenga kapena mazira, nkhani ndi kuthawa. Umboni wina uli pansi pa nthaka. Kum'mawa kwa Africa, ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, kuli kanyama kopanda ubweya ka gulu limodzi ndi mbewa, Heterocephalus glaber, kolemera magalamu pafupifupi 35. Kamakhala m'mauna otsekeka momwe adani safikamo wamba, ndipo kamapitirira zaka 30. Kena kanathawira kumwamba, kena pansi, tinyama tiwiri tonseti tinapeza zaka. Mbewa inatsala pamtunda, pakati pa makamwa onse.

Ndipo ukayang'ana kabalidwe, zonse zimagwirizana. Mbewa imatenga bere masiku 19 mpaka 21, n'kubereka ana asanu, asanu ndi awiri, nthawi zina kupitirira khumi. Ili ndi mawere khumi. Ana amatsegula maso patatha pafupifupi masabata awiri, amaleka kuyamwa pa masabata atatu, ndipo pa masabata asanu ndi limodzi akhoza kuyamba kubereka okha. Mayi amatha kutenga bere lina tsiku lomwe wabereka, kumayamwitsa ali ndi pakati, ndipo pa chaka amabereka kasanu mpaka kakhumi. Mpheta imaikira mazira anayi kapena asanu, kufungatira masiku 11 mpaka 14, kawiri kapena katatu pa nyengo, ndipo mwana wake amadikira nyengo yotsatira kuti amange chisa chake. Mbewa yobadwa tsiku limodzi ndi mpheta imakhala ili ndi zidzukulutudzi mpheta isanaikire dzira loyamba.

Gawo limeneli ndilo mtima wa kabuku. Ndalipatsa masamba asanu ndi limodzi m'malo mwa awiri amene ndinakonza.

Tsiku la 19

Chisa chili pikitipikiti. Chimene chandidabwitsa n'chakuti makolo aja, odya njere, sakubweretsera ana njere. Akubwera ndi timbozi tobiriwira, nsabwe za m'masamba ndi tiziwala, wamwamuna ndi wamkazi mosinthana, kuyambira mbandakucha. Wina akamatuluka amanyamula kukamwa kathumba koyera ka chitosi cha mwana, kukataya kutali. Anapiye a mpheta amafuna tizilombo masiku oyambirira kuti akule. Mbewa vuto limeneli ilibe: chilichonse chimene mayi wadya chimasanduka mkaka. Ichi ndi chofooka cha mpheta, ndipo ndidzachitchulanso pa nkhani ya mizinda.

Tsiku la 21

Gawo la mawu ndalilemba lero, ndi lalifupi. Mpheta ili m'gulu la mbalame zoimba, mitundu yoposa 4,000, ngakhale kuti nyimbo yake ndi kamawu kamodzi kobwerezabwereza. Mawu a mbalame sachokera pakholingo ngati athu. Amachokera pansi, pomwe njira ya mpweya imagawikana kupita ku mapapo awiri, ndipo mbalame zambiri za gululi zimaphunzira nyimbo pomvera zikuluzikulu, monga mwana aphunzirira kulankhula.

Mbewa timaiyesa yachete, koma mu 2005 Timothy Holy ndi Zhongsheng Guo a ku Washington University ku St. Louis anaonetsa kuti yaimuna ikamva fungo la yaikazi imaimba, mawu ake okhala ndi tizigawo tobwerezedwa mwadongosolo. Sitiimva chifukwa khutu la munthu limalekezera pa 20 kHz (muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe nyimboyo ili pakati pa 30 ndi 110 kHz. Usiku uno ndinakhala pafupi ndi bokosi ndikuganiza kuti m'makoma a nyumba zathu mumaimbidwa nyimbo zimene sitinamvepo chibadwire. Wokhala pansi pakati pa adani amaimba monong'ona. Wokhala ndi mapiko amaimba poyera pa denga.

Tsiku la 24

Ndafika pa mbiri ya ziwirizi ndi munthu, ndipo zolemba zachuluka kuposa malo. Mbewa inayamba kukhala ndi anthu zaka pafupifupi 15,000 zapitazo ku dera la Levant, kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, anthu atangoyamba kumanga nyumba zokhalitsa, ulimi usanayambe n'komwe. Mpheta inadziphatika pambuyo pake, ulimi wa tirigu ndi balere utayamba, pafupifupi zaka 11,000 zapitazo, ndipo kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti inasintha m'zinthu ziwiri: chigaza cholimbirapo ndi mphamvu yogaya chakudya chokhutitsa cha m'njere zolimidwa. Mbewa inafalikira dziko lonse mobisala m'zombo. Mpheta anthu anachita kuinyamula dala: ku Brooklyn, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, ku Melbourne, ku Australia, mu 1863.

Nkhani zitatu ndizisunga, zina ndisiya.

Yoyamba ndi ya St Kilda, tizilumba ta kumadzulo kwa Scotland. Mu 1930 anthu 36 otsiriza anasamutsidwa. Mbewa ya m'nyumba ya kumeneko, imene inakhala nawo zaka mazanamazana, inatheratu patangopita zaka zochepa. Moto utazima m'nyumba, nayo inazima.

Yachiwiri ndi ya Gough, chilumba cha kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic. Kumeneko mbewa zinafika ndi zombo m'zaka za m'ma 1800, n'kupeza malo opanda mphaka kapena njoka. Zinakula kuposa zinzake za kwina, n'kuphunzira kudya anapiye a mbalame za m'nyanja ali amoyo, ngakhale a Tristan albatross, olemera kuziposa kambirimbiri. Mu 2021 anawaza poizoni chilumba chonse ndi ndege za helikopita, koma mu Disembala chaka chomwecho mbewa inaonekanso. Kwa nyama yotha kubereka masabata atatu alionse, zotsala zochepa n'zokwanira. Nkhani imeneyi imandipweteka, koma ndi imene ikuonetsa bwino mphamvu ya moyo waufupi.

Yachitatu ndi ya China mu 1958, pomwe boma linalamula kuti makoswe, ntchentche, udzudzu ndi mpheta ziphedwe. Mpheta yake makamaka inali m'bale wa yathuyi, Passer montanus. Anthu ankaimba ng'oma ndi mapoto kuti mbalame zisatere mpaka zigwe ndi kutopa. Anaiwala zimene ndaona pa chisa changa sabata yatha, kuti mpheta imalera ana ndi tizilombo. Dzombe ndi tizilombo tina zinachuluka m'minda, ndipo mu 1960 mpheta anaichotsa pa mndandanda, n'kuikapo nsikidzi. Makoswe sanathe. Lero ku London mpheta zachepa kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1990 popanda wozisaka, ndipo china mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi kusowa kwa tizilombo todyetsa anapiye ndi kwa mipata yomangamo zisa m'nyumba zamakono. Mbewa mumzinda womwewo zikadali m'njanji za pansi pa nthaka.

Tsiku la 27

Anapiye atuluka m'mawa uno, patatha masiku 15 chiswereni. Atatu anauluka bwino mpaka pa mpanda. Wachinayi anatsika pansi, mchira ukadali waufupi, m'mbali mwa mlomo muli chikasu, n'kumagwedeza timapiko akulira. Bambo wake anatera pambali pake, n'kumupatsa kambozi, n'kuulukira pa nthambi yapansi, n'kubwereranso, mpaka kachitatu mwana anamutsatira.

Mbewa ndaimasula madzulo pabwinja lakutali ndi nyumba za anthu. Inaima kanthawi pakhomo pa msampha, ndevu zikugwedezeka, kenaka n'kulowa pansi pa mwala osayang'ana m'mbuyo.

Mwana wa mlongo wanga anabweranso, ndipo ndinamuwerengera tsamba loyamba latsopano. Za moto wa mapesi ndazisiya kwa mbewa yokha. Atamva za zaka 19 za mpheta ya ku Denmark anayang'ana pa mpanda paja, n'kunena kuti, "Ndiye kuti kamodzi mwa timeneti kakhoza kudzakhalapo ine nditamaliza sukulu, amalume?" Funso limeneli ndalilemba kumapeto kwa gawo lachitatu monga momwe analifunsira.

Magawo anayi mwa asanu ndi limodzi atha. Chatsala ndi chithunzi cha mapapo, chimene ndachijambula katatu koma mivi yosonyeza njira ya mpweya ikusokonezabe, ndi gawo la momwe ziwirizi zimapiririra kuzizira: mbewa ili ndi mafuta apadera otenthetsa thupi ndipo njala ikavuta imatha kudziziziritsa kwa maola angapo, pomwe mpheta imafufumitsa nthenga n'kumanjenjemera ndi minofu ya pachifuwa. Yaikazi ija yayamba kale kulowetsa udzu watsopano pampata womwe uja, choncho kuyambira Lolemba ndizikweza kagalasi m'mawa uliwonse, kuti ulendo uno ndiwerenge masiku kuchokera pa dzira loyamba.